Ma fog light pa Canter yanga komanso chiperoni cha ku Bvumbwe

Amene mumayenda nsewu wa ku Thyolo m'mamawa miyezi ya June ndi July mukudziwa kale zomwe nditi ndinene. Chiperoni chikangotsika, kamphepo kozizira kaja kochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kuyambira pa Chigumula mpaka Bvumbwe konse kumangoti mbuu, kamvula kowaza kosaleka, ma wiper akungopita uku ndi uku koma kutsogolo osaona kanthu. Ine ndimanyamuka ku Chilobwe cha m'ma 3 koloko ndi Canter yanga kukatenga kabichi ndi tomato wa azimayi a mu nsika wa Limbe, ndiye nyengo imeneyi ndimakumana nayo maso ndi maso chaka chilichonse.

Chaka chatha mu July ndinatsala pang'ono kupha munthu. Bambo wina anali akukankha njinga yodzaza matumba a makala m'mbali mwa tara, njinga yake yopanda reflector, iyeyo atavala jekete yakuda, ndipo ine ndinamuona atatsala mamita ochepa kwambiri. Ndinaponda mabuleki mpaka mnyamata amene ndimayenda naye anakagunda mutu pa dashboard. Bambo aja sanadziwe n'komwe kuti imfa yawadutsa pambali, anangopitiriza kukankha. Ine manja ananjenjemera mpaka kukafika pa nsika wa Bvumbwe, tiyi ndinalephera kumwa tsiku limenelo.

Chimene chinandipweteketsa ndi full, magetsi aakulu oonera patali aja. Munthu ukakhala sukuona, dzanja limangothamangira kuyatsa full, koma mu chifunga imeneyo ndiye imaononga zinthu chifukwa chifunga ndi timadontho ta madzi tating'onoting'ono tolendewera m'mwamba, kuwala kukagunda timadonthoto kumabwerera m'maso mwako momwe, umangoona ngati wina wakutchingira chinsalu choyera kutsogolo. Fog light imagwira ntchito mosiyana, imakhala pansi pa bampa, kuwala kwake kumatambalala m'mbali koma sikukwera m'mwamba, kumangokwawa pa tara kukuonetsa mzere woyera wa m'mphepete ndi miyendo ya anthu. Siyoti uziona nayo kutali ayi, ndiyoti uziyenda pang'onopang'ono ukudziwa pamene nsewu wathera.

Sabata yomweyo ndinagula ma fog light awiri mu Limbe. Mnyamata wina amene amamanga mawayilesi a m'galimoto pansi pa mtengo anati achimwene izi ndi za 30 minitsi, ndipo zoona anamaliza mwachangu, nyali zinayaka, ndinalipira nkumapita ndili wosangalala. Patangotha masabata atatu galimoto inayamba kuvuta kulira m'mawa, starter imangoti kwee kwee ngati yatopa. Kenako tsiku lina tikutsika ku Chigumula ndinamva fungo la pulasitiki wopsa mu cab, ndinaima pompo, kusuzumira pansi pa dashboard waya watentha moti sungamugwire, chikopa chake chasungunuka pamene amakhudzana ndi chitsulo. Panalibe fyuzi ngakhale imodzi. Tikanangoyenda pang'ono galimoto yonse ikanapsa, pamodzi ndi katundu wa eni ake.

Mnzanga wina wa minibasi ndi amene anandilondolera kwa madala ena ku Ndirande, amene akhala akukonza zamagetsi a galimoto kuyambira ine ndisanabadwe. Anangoyang'ana pa mabatire nkupukusa mutu. Anati mwana wanga, galimoto yako ndi ya 24 volts, mabatire awiriwa ndi olumikizana kuti apange 24, ndiye nyali wagulazi ndi za 12, mnzakoyo pofuna kuti zisapse anangokoka moto pa batire imodzi. Anandifotokozera kuti ukatero batire imodziyo imatha moto kuposa inzake, pomwe alternator imatchaja onse awiri limodzi osasiyanitsa, ndiye ina imakhala yanjala ina ikukhuta mopitirira, mapeto ake onse awiri amafa msanga. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake starter imavuta. Ndinawafunsa kuti madala, ndiye nditaye nyalizi? Anati ayi, tisinthe ma bulb okha, a mtundu umenewu, wotchedwa H3, alipo a 24 volts.

Ndinakhala pa benchi tsiku lonse kuwaonerera, ndipo ndilemba momwe anachitira chifukwa ndikudziwa ambiri a inu muli ndi ma Dyna, ma Canter, ena ma Hilux, ndipo mukuganiza zomanga nyali zimenezi. Choyamba anawerengera moto. Bulb ya H3 ya 24 volts imakhala ya 70 watts, ziwiri ndi 140, ukagawa ndi 24 zikubwera pafupifupi ma amp 6, ndiye anaika fyuzi ya 10. Anati ikanakhala Hilux ya 12 volts, ma bulb a 55 watts awiri ndi 110, kugawa ndi 12 ndi ma amp 9 ndi kadontho, fyuzi yake 15. Fyuziyo anaiika pafupi penipeni ndi batire, kutalika kwake ngati chikhatho changa, ndipo anati fyuzi imateteza waya osati nyali, ukaiika kutali ndiye kuti waya yense wochokera pa batire kukafika pa fyuzipo alibe womulondera.

Kenako relay, nayonso ya 24 volts. Kabokosi kakang'ono kakuda ka miyendo inayi, ndipo ukakatembenuza pansi pake pali manambala, 30, 87, 85 ndi 86. Waya wonenepa wochokera ku batire kudzera pa fyuzi amalowa pa 30, wina wonenepa amatuluka pa 87 kupita ku nyali, 85 amapita ku earth, kutanthauza pa chitsulo cha galimoto, 86 ndiye amachokera ku switch ya mu cab. Ubwino wake ndi woti moto waukulu sulowanso mu cab ayi, switch imangotumiza kamoto kochepa kokauza relay kuti tseka, ntchito yolemera imachitikira panja pafupi ndi batire. Mnyamata wa mu Limbe uja anadutsitsa moto wonse pa ka switch kotchipa, nchifukwa chake kanali kutentha.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi komwe anatenga moto wa switch. Sanautenge pa batire mwachindunji, anautenga pa waya wa ma park, tinyali ting'onoting'ono toyamba kuyaka ukamayatsa magetsi, kutanthauza kuti ma fog sangayake ma park asanayake, ndipo ukazimitsa magetsi onse nawonso amazima okha, sungaiwale nkupeza batire yatha m'mawa. Switch yake anasankha ya kanyali kuti ndizidziwa ikakhala yoyaka. Ndipo poti cab ya Canter imapendekeka kutsogolo ukafuna kuona injini, anadutsitsa wayayo motsata mawaya a galimoto eni ake cha pa hinji paja, anamusiyira mpata woti cab ikadzuka asakokeke, anamuveka paipi ya pulasitiki, pa bowo lililonse anaika kalabala kuti chitsulo chisamudye. Pa earth anapala penti ndi sandpaper mpaka chitsulo chinawala ndiye nkumanga bawuti. Tepi sanagwiritse ntchito paliponse, zonse anachita solder.

Sanandilole kupita kusanade. Anati nyali yomangidwa bwino koma yoloza molakwika ndi chida chophera anthu. Kutada tinaimika galimoto pamalo olingana moyang'ana khoma, mamita 7 kapena 8 kuchokera pa khomalo, iwo anayeza kutalika kwa nyali kuchokera pansi nkulemba mzere ndi choko pa khoma, ndiye anatembenuza nyalizo mpaka kuwala konse kunatsikira kunsi kwa mzere uja ndi masentimita ngati 10. Atamaliza anandiuza kuti ndipite kutsogolo ndikanjute ngati ndili mu kagalimoto kakang'ono, nkundifunsa kuti zikukuthobwa? Sizimandithobwa.

Za malamulo ndinaziphunzira pa nsewu. Usiku wina kumwamba kuli mbee, nyenyezi zikuoneka, ndikudutsa pa Masauko Chipembere Highway ma fog ali oyaka chifukwa ndinali nditazolowera kukongola kwake, wapolisi wa traffic anandiimitsa. Anati bambo, chifunga chili kuti? Ndinati pepani bwana, palibe. Anati ndiye zimitsani, nyali zimenezi dzina lake likunena lokha nthawi yake. Anayang'ana laisensi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa nsewu, nkundilola kupita, ndipo ine sindinawiringule chifukwa amanena zoona. Zapamsewu kuno kwathu zimayendetsedwa ndi Road Traffic Act ya 1997, ndipo galimoto ikapita kokayezedwa COF magetsi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe amaziona, ndiye ngati wamanga nyali zoloza kumwamba kapena za mitundu yachilendo ukudziputira wekha mavuto. Kutsogolo nyali ikhale yoyera kapena yachikasu. Yofiira ndi ya kumbuyo, ya buluu ndi ya apolisi, izi musasewere nazo ngakhale mu shopu akuuzeni kuti zikuoneka bwino.

Anzathu amene amayendetsa ma truck kupita ku Johannesburg kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge amadziwa kuti ku South Africa malamulo awo amanena poyera kuti fog light uyatse pokhapokha ngati kukuoneka movuta chifukwa cha chifunga, fumbi, utsi kapena snow. Ku Britain buku lawo la Highway Code limaika muyezo wa mamita 100, ngati ukuona kupitirira pamenepo uzimitse. Ine muyezo umenewu ndinautenga kukhala wanga, ndikamaona bwino kutalika kwa bwalo la mpira ndimazimitsa basi. Za mtundu, ine ndinasankha zachikasu chifukwa maso anga satopa nazo mu kamvula kowaza, ndipo si zachilendo, ku France galimoto zinkayenda ndi ma headlamp achikasu mwalamulo kuyambira cha m'ma 1936 mpaka 1993.

Koma chimene chikundiwawa mtima masiku ano ndi ma LED bar amene adzaza m'tauni muno. Munthu wamanga chinyali chautali ngati nkono pa bampa kapena padenga, akuchitcha fog light, akuyenda nacho choyaka nsewu wa Zalewa usiku wonse. Imeneyo si fog light abale, inapangidwira kutchire ndi m'minda komwe kulibe wokumana naye. Ukakumana nayo pa Lunzu maso amachita mdima kwa masekondi angapo, ndipo masekondi amenewo galimoto yako ikuyendabe, m'mbali muli a kabaza, muli amayi asenza mitolo ya nkhuni, muli ana akuchokera ku chigayo. Ukamuphethira kuti achite dim iye ndiye amawonjezera. Ndipo mu chifunga chenicheni chinyali chimenecho sichimuthandiza ngakhale mwini wakeyo, chili pamwamba, kuwala konse kumamubwerera m'maso ngati full ija inandipusitsa ine.

Chaka chino chiperoni chinayamba molawirira, June asanafike pakati. Lachiwiri lapitali tinadutsa pamalo pomwe paja cha m'ma 4 koloko, ndili pa dim, ma fog oyaka, sipidi 30, ndipo ndinaona mateyala a njinga zitatu za makala zitandandalikana m'mbali mwa tara ndikadali ndi mpata wokwanira wopatuka bwinobwino. Mnyamata wanga anatsitsa galasi nkuwapatsa moni, mwadzuka bwanji madala, iwo nkuyankha. Pobwerera ndinagula tepi yonyezimira ija mu Limbe, ndaidula tizidutswa ndaika mu dashboard, Lachisanu tikawapezanso tiima tiwamatire kumbuyo kwa njinga zawo.