Zikomo kwa amene munandithandiza kupeza kumene RAM inkathera

Ndikulemba ndi mtima woyamikira, chifukwa kachipangizo kanga koyeza kutentha, kamene kanandisowetsa tulo kwa masabata atatu, tsopano katha masiku 10 kakugwira ntchito osazima. Kamayendera ATmega328P, chip yaing'ono ya mtundu wa AVR, yomwe ili ndi flash (mosungira pulogalamu) ya 32 KB koma RAM (mosungira deta pulogalamu ikamayenda) ya 2 KB yokha, ndipo kankangoyambiranso kokha kakayamba kulemba zotsatira pa khadi la SD.

Aphunzitsi anga, inu ndi amene ndikukuthokozani koyamba. Ine ndinkakhulupirira kuti m'chinenero cholembera mapulogalamu cha C++, object ya class (deta yomangidwa pamodzi ndi malamulo oigwiritsa ntchito) imene yalembedwa kunja kwa function (kagawo ka pulogalamu) iliyonse imakhala mu flash pamodzi ndi pulogalamu. Simunandidzudzule ayi. Munatsegula fayilo ya map, imene imasonyeza malo amene chinthu chilichonse cha m'pulogalamu chatenga, n'kuloza ndi chala mzere wa .bss (gawo lina la RAM), ndipo pamenepo ndinaona ndekha object yanga itatenga mabayiti 600, pambali pa 512 amene laibulale ya SD imasungira khadi. Munandifotokozera modekha kuti ma function a class amakhaladi mu flash, koma deta yake imapatsidwa malo okhazikika mu RAM, ndipo malowo samasulidwa mpaka magetsi atazima. Zimene zili ndi mtengo woyambira zimapita m'gawo la RAM lotchedwa .data ndipo zimakoperedwa kuchokera mu flash chipangizo chikangoyaka. Zotsalazo zimapita mu .bss n'kudzazidwa ndi ziro. Kenako ma constructor (ma function omanga object) amaitanidwa, zonsezi main (function yaikulu ya pulogalamu) isanayambe n'komwe. Motero stack (malo a mu RAM osungira deta yosakhalitsa ya ma function), imene imakula kuchokera kumwamba kutsikira pansi, inkasowa malo n'kuyamba kulemba pamwamba pa deta yanga.

Anzanga a kuntchito, zikomo pondichenjeza kuti pa AVR mawu oti const (osonyeza deta yosasintha) paokha sasunga kanthu mu flash, ndipo ngakhale vtable (tebulo loloza kumene kuli ma function ena a class) imakoperedwa mu RAM, zimene sizichitika pa ma chip a mtundu wa ARM Cortex-M. Nditasamutsa mauthenga onse ndi PROGMEM (mawu osungitsa deta mu flash) ndi kuchepetsa object ija, pulogalamu yowerengera malo yotchedwa avr-size inasonyeza kuti stack yapeza popumira. Ndinachotsanso mu constructor malamulo onse okhudza hardware n'kuwaika mu function imene ndimaitana ndekha, popeza C++ silonjeza kuti ndi object iti imene iyambe kumangidwa ikakhala m'mafayilo osiyana.

Amayi a kunyumba, munapirira waya ndi mabatire ali mbwee patebulo, komanso nyali yoyaka mpaka usiku. Mawa ndichotsapo zonse, kachipangizoka kalowe m'bokosi lake.