Kumanga fakitale n'kosavuta, kuizika mizu ndiye nkhani

Boma lililonse la dziko losauka limalonjeza mafakitale, ndipo chifukwa chake n'chomveka, pakuti dziko logulitsa thonje kapena miyala ya m'migodi lisanazikonze limapeza phindu lochepa kwambiri pamene achinyamata ake akusowa ntchito. Komabe ine ndimaona kuti pokambirana za tsogolo la mafakitale timatanganidwa ndi kukula kwa nyumba zake ndi chiwerengero cha olembedwa ntchito, n'kuiwala kufunsa kuti anthu a m'dzikomo akuphunzira kupanga chiyani.

Taganizirani malaya osokedwa m'dziko limene langoyamba kumene ntchito zoterezi. Nsalu yabwera pa sitima kuchokera ku China kapena ku India, ulusi, mabatani ndi zipi nazonso n'zakunja, ndipo makina osokera akawonongeka amadikira katswiri wochokera kutali. Chimene dzikolo laikapo ndi manja a mayi amene amasoka kolala yokhayokha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwini fakitale yotereyi akangomva kuti kwina malipiro ndi otsikirapo, amalongedza makina ake n'kumapita.

Ethiopia inatsegula malo aakulu a mafakitale ku Hawassa mu 2016, ndipo makampani osoka zovala anakhamukirako podalira AGOA, lamulo la dziko la America la mu 2000 lolola katundu wa mayiko ena a mu Africa kulowa ku America popanda msonkho. Pa 1 January 2022 America inachotsa Ethiopia pa ndondomekoyi chifukwa cha nkhondo ya ku Tigray, chigawo cha kumpoto kwa Ethiopia, maoda anachepa, ndipo anthu ambiri ntchito inawathera. Nako ku Bangladesh, kumene zovala zimaposa 80 peresenti ya katundu wogulitsidwa kunja, mtengo wa kupanga zovala motchipa unaoneka mu 2013 pamene nyumba ya Rana Plaza, momwe munali mafakitale osoka zovala, inagwa n'kupha anthu oposa 1,100.

South Korea inayenda njira ina. Kampani ya Hyundai inayamba ndi kulumikiza galimoto za Ford Cortina mu 1968, chaka chomwe boma linakhazikitsanso kampani yosula zitsulo ya POSCO, koma pofika mu 1975 inali itatulutsa galimoto yakeyake yotchedwa Pony. Boma la Park Chung-hee, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, ngakhale linali lankhanza pa ndale, linkapereka ngongole zachiwongoladzanja chochepa kwa makampani kwinaku likuwakakamiza kugulitsa kunja, ndipo olephera ankataya thandizolo. Gawo lachiwirili ndi limene maboma ambiri amalithawa, chifukwa n'kosavuta kuteteza kampani ya munthu wodziwana ndi akuluakulu kusiyana ndi kuiuza kuti nthawi yoyamwa yatha.

Za magetsi sizifuna mawu ambiri. Magetsi akazima pulasitiki ili yosungunuka m'makina, imaumira momwemo, ndipo antchito amataya maola akuikokota asanayambenso. Ngakhale South Africa, yomwe ili ndi mafakitale a galimoto, inazunzika kwa zaka zambiri ndi kuzimazima kwa magetsi a Eskom, kampani ya boma la dzikolo.

Vuto latsopano n'lakuti makina amakono akuchita ntchito yomwe kale inkafuna anthu ambirimbiri, choncho fakitale ya lero silemba anthu ochuluka monga ya zaka 50 zapitazo, ndipo ochepa amene ikuwafunawo ndi odziwa kuwotcherera, kukonza makina ndi kuyesa ngati katundu wafika pa muyezo. Dziko limene likunyalanyaza sukulu za ntchito zamanja likudzitsekera lokha khomo.

Mpata ndikuuona pa misika yoyandikana. Mgwirizano wa AfCFTA wochepetsa misonkho pa malonda a pakati pa mayiko a mu Africa, womwe malonda ake anatsegulidwa pa 1 January 2021, ungathandize kuti simenti, feteleza, mankhwala ndi zolimira zipangidwe pafupi ndi ozigula, koma izi zidzatheka pokhapokha malole atasiya kugona masiku pa chipata cha malire podikira mapepala.