Mawu a agogo ali m'kabokosi ka machesi

Mlungu watha msuweni wanga wa ku Area 25 ananditumizira linki pa WhatsApp. Ati kampani ina yakunja ikufuna anthu oti aziwerenga ziganizo za Chichewa pafoni, iyo izijambula n'kumalipira pa ola. "Asuweni, ndalama yaulere iyi, kungoyankhula basi." Ndinatsegula, n'kuyamba kuwerenga malamulo awo a tizilembo ting'onoting'ono aja, mpaka ndinafika pa mzere wonena kuti mawuwo akhala awo mpaka kalekale, ndipo achita nawo chilichonse chomwe afuna.

Pomwepo ndinakumbukira Amaori, eni nthaka a dziko la New Zealand, makamaka a ku Kaitaia, tauni yaing'ono kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. Kumeneko kuli wailesi yotchedwa Te Hiku Media, yomwe inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pa zaka zonsezi yakhala ikujambula nkhalamba zikuyankhula chinenero chawo cha Chimaori. Chinenerochi chinatsala pang'ono kufa. Agogo awo ankakwapulidwa kusukulu akachiyankhula (ife amene tinalimapo m'munda wa ahedi chifukwa choyankhula Chichewa m'kalasi tikudziwako pang'ono), ndipo boma linachivomereza mwalamulo mu 1987.

A Te Hiku atafuna makina omva mawu n'kuwalemba, kuti zojambula zakalezo zisamangogona m'mashelefu, sanapite kukagwada kwa Google. Mu 2018 anachititsa mpikisano wotchedwa Kōrero Māori: magulu ankapikisana kuwerenga ziganizo pafoni, ndipo m'masiku 10 okha anasonkhanitsa mawu a maola oposa 300. Kenako anatenga pulogalamu yaulere ya bungwe la Mozilla yotchedwa DeepSpeech n'kuiphunzitsa okha. Mkulu wa wailesiyi, Peter-Lucas Jones, ndi katswiri wake wa makompyuta, Keoni Mahelona wochokera ku Hawaii, ndi amene anatsogolera ntchitoyi. Makinawo anagwiradi ntchito.

Koma chimene chimandigwira mtima ine si makinawo ayi. Ndi chilolezo chimene analemba, chotchedwa Kaitiakitanga. Mawuwa amatanthauza kusunga chinthu m'malo mwa eni ake. Te Hiku simadzitcha mwini wa mawu amene inajambula. Ili ngati nyakwawa amene amayang'anira malo a makolo: atha kukulozera pamene ungalime, koma sangagulitse. Wofuna kugwiritsa ntchito mawuwo ayenera kupempha, afotokoze chomwe akufuna kuchita, ndipo phindu libwerere kwa Amaori. Anakana ngakhale kuwaika poyera pa intaneti kuti aliyense azitenga ulere. Poyamba ndinkaona ngati n'kuumira, koma taganizirani: chinthu chikaikidwa pabwalo, amene amakolola ndi uja ali ndi makompyuta akuluakulu, osati mwana wa ku Kaitaia. Anthu amene analandidwa kale malo a makolo awo amadziwa mmene zimayambira.

Komabe mpanda suletsa akuba onse. Mu 2022 kampani ya ku America yotchedwa OpenAI inatulutsa Whisper, pulogalamu yomva mawu n'kuwalemba, ndipo pa mawu amene anaiphunzitsira panali maola oposa 1,300 a Chimaori otoledwa pa intaneti. A Te Hiku anafunsa poyera kuti mawuwo anawatenga kuti, ndipo ndani anawaloleza.

Ine ndili ndi kamemori khadi komwe ndimasunga m'kabokosi ka machesi. Muli mawu a agogo anga aakazi, amene ndinawajambula pakhonde kwathu ku Dedza asanamwalire. Muli nthano zisanu ndi imodzi, mayina a mankhwala a chifuwa, nkhuku zikulira kumbuyo, ndi ine ndikuseka mopusa. Pali pena pamene anayamba nyimbo ya kuchinamwali, n'kuima pakati. "Zimitsa kachinthu kakoko, izi si za aliyense." Ndinazimitsa. Iwo sanagwirepo kompyuta, koma ankadziwa kuti mawu ena ali ndi eni ake, monga za kudambwe sizikambidwa pamsika. Pa fomu ya kampani ija sindinaonepo poti munthu n'kunena kuti apa pokha zimitsani.

Sindikumunyoza msuweni wanga. Ali ndi lendi, ali ndi fizi ya ana awiri, ndipo nanenso ndikufuna foni yoti amayi anga aziiyankhula m'Chichewa iyo n'kumva. Ndinangomufunsa kuti makina amene akuwaphunzitsa ndi mawu athuwo akadzatha kupangidwa, tidzagwiritsa ntchito ulere kapena adzatigulitsa mawu athu omwe. Anandiyankha ndi kachithunzi koseka, n'kundiuza kuti iye wajambula kale maola atatu.