Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Tsiku Limene Kompyuta Inandibwezera Funso

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinaika pulogalamu yochitira masamu ya Maxima pakompyuta yanga, ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a masamu. Pulogalamuyi inachokera ku Macsyma, imene inayamba kukonzedwa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1968, ndipo William Schelter ndi amene anasamalira Maxima kuyambira mu 1982 mpaka pamene anamwalira mu 2001. Mbiri imeneyi ndinadzaidziwa pambuyo pake, chifukwa panthawiyo mtima wanga unali pomaliza ntchito imene aphunzitsi anatipatsa.

Chimene chinayamba kundikopa n'chakuti Maxima sithamangira madesimo. Nditalemba 1/3+1/6 inandipatsa 1/2, ndipo nditalemba factor(x^4-1) inaphwanya samuyo m'zigawo zitatu, (x-1), (x+1) ndi (x^2+1), monga mmene munthu angachitire papepala. Malamulo a expand (kutambasula samu), solve (kupeza mtengo wa chilembo chosadziwika) ndi diff (kuwerengera mmene samu ikusinthira) ndinawazolowera msanga, moti ndinayamba kudziona ngati katswiri.

Kudzitamako kunatha usiku wina pamene ndinalemba integrate(x^n,x), lamulo lochita zosiyana ndi diff pobwezera samu kumene inachokera. Yankho ndinkalidziwa pamtima, ndipo ndinkangofuna kuona ngati makinawo angagwirizane nane. M'malo moyankha, pulogalamuyo inandifunsa ngati n ali wofanana ndi -1. Poyamba ndinakwiya poganiza kuti yasokonezeka, koma nditatenga cholembera ndinaona kuti n akakhala -1, lamulo limene ndinaloweza, lakuti yankho ndi x^(n+1)/(n+1), limachititsa munthu kugawa ndi ziro, pamene yankho loona ndi log(x). Ndinazindikira mwamanyazi kuti kwa nthawi yaitali ndinkalemba lamulolo osaganizirako za malire ake, ngakhale kuti m'buku anawalemba poyera.

Vuto lachiwiri ndinadziputira ndekha. Mu Maxima, dzina limapatsidwa mtengo pogwiritsa ntchito chizindikiro cha : osati =, ndipo ine ndinali nditalemba x:2 poyesa zinazake, kenako n'kuiwala. Nditalemba diff(x^2,x) inakana, popeza kwa iyo x sanalinso chilembo koma nambala. Ndinataya pafupifupi ola lathunthu ndisanatulukire kill(x), lamulo lofufuta zimene dzina lasunga.

Kuyambira pamenepo, mapulogalamu anga aang'ono ndinayamba kuwalemba m'kati mwa block, mmene mayina olembedwa pamndandanda woyambirira amagwira ntchito momwemo osasokoneza zakunja. Yoyamba imene inayenda bwino inali ya mizere isanu yokha, ndipo mmene ndinailembera ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.