Buku la pool lomwe linadya simenti yanga

Ndalama ija inali ya simenti, ndipo mayi a kunyumba amadziwa choncho. Koma mlamu wanga wa ku Joni atanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha buku lophunzitsa pool, n'kunena kuti linasiya kusindikizidwa kalekale moti amene ali nalo amaliumira, mutu wanga unasokonekera. Mtengo wake unkakwana matumba atatu. Ndinadziuza kuti buku silingadule chonchi ngati mulibe mankhwala m'kati mwake. Nthawi imeneyo n'kuti kamnyamata kena ka kabaza kakundikwapula Loweruka lililonse pa tebulo lathu ku Mpondasi, ku Mangochi kuno, anthu akuonerera mpaka pazenera.

Linafika ndi atransipota, litakulungidwa m'bulangete la munthu wina. Lonenepa bwino, mapepala ofiirira, lodzaza zithunzi za azungu ovala mataye.

Ndisaname, muli nzeru ndithu. Limati pofuna kugwetsa mpira, uganizire kampira kabodza kataima mogundana ndi mpira wakowo, kumbuyo kwake, molunjika dzenje, ndipo woyera, mpira womenyera inzake uja, umulozetse pamene paima kabodzako. Limatinso woyera akafika pa mnzake akutsetsereka osagubuduzika, awiriwo amasiyana njira pa madigiri 90, koma akafika akugubuduzika n'kumenya mnzakeyo cha theka, amapatuka pafupifupi madigiri 30. Ukadziwa zimenezi umaoneratu ngati woyera akupita kukagwera m'dzenje n'kupatsa mdani mashoti awiri. Kungoti zonsezi mwana wanga wa Fomu 2 anandionetsa pa YouTube usiku womwewo, ndi bando ya K500, zikuyenda komanso zikubwerezedwa pang'onopang'ono. Ndinamuuza akagone.

Chimene mlamu sananene n'chakuti bukulo ndi la ku America, ndipo pool wa kumeneko si wathuyu. Iwo amasewera pa tebulo la mafiti 9, mipira yake ya mainchesi awiri ndi kota, ndipo woyera amafanana kukula ndi inzake. Ife athu ndi matebulo a tokeni a mafiti 7 kapena 6, mipira yofiira ndi yachikasu ya mainchesi awiri, woyera n'kukhala wocheperako kuti akagwa azitulukira njira yakeyake m'malo mokatsekeredwa ndi inzake. Woyera wopepukayu akamenya mnzake amanjanja m'mbuyo pang'ono, ndiye madigiri 90 aja sakwana bwino, ndipo kumukankha kuti atsatire kumafuna mphamvu. Nsonga ya ndodo yawo ndi ya mamilimita 12 kapena 13, yathu 8 kapena 9. Maenje awo ali ndi milomo yodulidwa mowongoka, athu ndi yozungulira, yomwe imalavula mpira woyenda motsata khushoni, mphira wa m'mphepete mwa tebulo uja, ukaumenya mwaukali.

Koma ine mtima unali pa mutu wa madayamondi, womwe unatenga pafupifupi theka la buku. Awa ndi timadontho ta m'mphepete mwa tebulo, togawa mbali yaitali m'zigawo 8 ndi yaifupi m'zigawo 4. Kuwerenga kwake n'kosavuta: woyera akakhala pa dontho lachinayi kuchokera pakona, ulozetse dontho lachiwiri la tsidya linalo, ndipo akagunda khushoni abwerera kukagwera pakonapo. Ndinaloweza zonsezi ngati katekisimu.

Loweruka ndinafika buku lili kukhwapa, n'kupeza kuti tebulo lathu lilibe dontho ngakhale limodzi. Zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo. Sindinagwe ulesi. Ndinabwereka tepi kwa telala wa pakhonde, n'kuyamba kuyeza ndi kulemba madontho ndi choko, anthu a matokeni awo akudikira pa mzere, dzuwa la kuno likuphika malata.

"Madala, mukuyeza bokosi la maliro kapena?" anafunsa wa kabaza uja.

Sindinamuyankhe. Gemu itafika pakati anandibisira woyera kuseri kwa mipira yake, ndipo ndinati nthawi ija yakwana. Ndinawerenga mokweza, folo, hafu yake thuu, n'kumenya. Woyera anagunda khushoni n'kumveka "bu!" ngati wagwera pa thumba la ufa, n'kuyamba kuyenda mokhota kulowera ku Shire, mpaka anakagwetsa blaki. Bukulo limayembekeza khushoni yamoyo, liwiro lapakati ndi tebulo losapendekeka. Lathuli mphira wake unauma ndi kutentha, ndipo mwendo umodzi unkaimira pa katoni ya sopo yomwe inaphwa kale. Aliyense pamenepo amadziwa kuti mpira wopita pang'onopang'ono umathawira kumtsinje, ndipo wa kabaza amauwerengera kupendekekako osatsegula tsamba lililonse.

Gemu yachiwiri ndiyo inandimaliza. Ndinafuna kuonetsa shoti yobweza woyera m'mbuyo. Malangizo ake ndi omveka: ndodo igone mopingasa, upake choko, umenye m'munsi mwa pakati koma osapitirira theka la mtunda wochoka pakati kufika pansi pa mpira, ndipo ndodo ipitirire kutsogolo osaibweza msanga. Pa kampira kathu kakang'onoka malo amenewa ndi ochepa zedi, ndipo ndodo ya pamalopo nsonga yake inali yosalala ngati chipande, choko osagwira. Nsonga yotere imafuna kuikwecha kaye ndi sandipepa kuti ikhale yozungulira komanso yokhakhala. Bukulo limanena zimenezi pa tsamba lomwe ndinalidumpha pothamangira madayamondi.

Ndinatsitsa ndodo, n'kuponya mphamvu zonse za matumba atatu a simenti. Ndodo inalowa pansi pa woyera, inamunyamula, iye ulendo pazenera, n'kukatera m'chiwaya cha tchipisi panja. Kumbuyo kwake nsalu ya tebulo inatsala itang'ambika mzere wotalika ngati chikhatho changa.

Kunali zii. Kenako wa tchipisi analowa atanyamula woyera pa chipande chobowola, akudontha mafuta.

"Uyu ndimuthire tsabola kapena mudyera pompano?"

Mwini tebulo sanaseke nawo. Anandiitanira pambali mwaulemu wake n'kundifotokozera kuti nsalu ya pool sasoka, chifukwa msoko umapatutsa mpira. Amachotsa makhushoni, kumatula yonse, kugula ina, n'kuitana mmisiri woti aikoke bwino pa mwala wa tebulowo. Anatchula mtengo, ine n'kukhala pansi pa kreti.

"Achimwene, ndalama ndilibe panopa, koma bukuli ndi lodula kwambiri. Lisungeni ngati chikole."

Analitembenuza uku ndi uku, n'kuliyeza kunenepa ndi zala. Kenako anaitana anyamata anayi kuti anyamule tebulo, anachotsa katoni ya sopo ija, n'kulowetsapo buku langa. Linakwera mopitirira, ndiye anathothola masamba mpaka mpira woikidwa pakati utaima osasuntha. Omwe anathotholedwa ndi a madayamondi aja, ndipo wa tchipisi anawatenga okulungira.

Tebulo la ku Mpondasi tsopano ndi lowongoka kuposa onse kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Makawa, ndipo wa kabaza akudandaula kuti ndamuonongera masamu ake. Amandikwapulabe, koma movutikirako. Mayi a kunyumba ndinawauza kuti simenti ija ndinaika pa maziko ena ku Mpondasi, ndipo akuti Lamlungu tikachoka kutchalitchi ndikawaonetse.