Babu la kuchipinda ndi dimmer yochokera ku Joni

Mwana wathu atabadwa, chimene chinativutitsa kwambiri m'nyumba sichinali matewera ayi, koma getsi la kuchipinda. Mayi ake akadzuka pakati pa usiku kuti amuyamwitse, kungodina switchi chipinda chonse chinkayera mbee ngati kuwodi, khanda n'kutong'ola maso, tulo n'kuthera pomwepo. Apongozi atabwera kuchokera ku Jali kudzaona chidzukulu, anationerera masiku awiri kenako anati, "Bambo, kale ife tinkangotsitsa chingwe cha nyali, mwana osadzidzimuka. Magetsi anuwa alibe potsitsira?"

Potsitsira alipo, dzina lake ndi dimmer. Mlamu wanga wa ku Joni ananditumizira ya WiFi, kabokosi kakang'ono kobisa kuseri kwa switchi, kolamulira pa foni. Ndinachita kumuuziratu kuti asagule yobwera ndi chivindikiro chake, chifukwa mabokosi a m'khoma a ku South Africa ndi a muyeso wina, pomwe athu kuno ndi aja ofanana mbali zonse a Chingerezi. Apo ndinachenjera. Pamene ndinapusa ndi poganiza kuti babu lililonse la LED liyenda nayo.

Ndinaitana mmisiri wa zamagetsi wa konkuno ku Matawale, amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Anazimitsa main switch, n'kuyeza ndi tesita, kenako anamasula switchi. M'kati munali mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Ine ndinasangalala, ndati wakudayo ndiye neutral, waya wobweza magetsi. Iwo anaseka. "Ayi achimwene, uyu ndi wamoto yemweyo, wangobwerera kupita kudenga. Neutral wanu watsala m'siling'i." Nyumba zambiri kuno anaziyika choncho, ndipo mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kutsogoloku. Mwamwayi dimmer yangayo imatha kugwira ntchito popanda neutral. Bokosi la m'khoma linali losaya, la mamilimita 25, moti tinagoba khoma n'kuikamo la 35. Switchi tinaika yobwerera yokha ngati ya belu: kudina kamodzi kuyatsa, kugwirizira kukweza kapena kutsitsa kuwala.

Babu loyamba linali lomwe linalipo kale, logula pa benchi ku Mpondabwino. Dimmer ili pa 100 peresenti linayaka bwinobwino. Nditatsitsa kufika pa 70 silinasinthe, pa 50 linayamba kuphethira ngati magetsi a pa chinkhoswe, pa 40 linangothima. Nditapeza kakatoni kake mu dilowa, panali kachizindikiro ka chopotokola chodulidwa ndi mtanda. Ndiye kuti si lotsitsa. Ndikanaliumiriza likanapsa, mwinanso n'kuonongeratu dimmer.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake, ndipo chimathandiza pogula. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo amapita uku ndi uku ngati mafunde ka 50 pa sekondi. Dimmer sichepetsa mavoti ngati mmene munthu amachepetsera madzi pa mpopi. Imaduladula magetsiwo, kuyatsa ndi kuzimitsa ka 100 pa sekondi, n'kumapatsa babu kachidutswa chabe ka funde lililonse. Babu lakale lija la kawaya kotentha silinkasamala, kawayako kankangofiira pang'ono basi. Koma m'tsinde mwa babu la LED muli kabolodi kotchedwa driver, kamene ntchito yake ndi kusunga kuwala pamlingo umodzi. Ukakapatsa magetsi oduladula kamalimbana nawo mpaka kugonja. Babu lolembedwa kuti dimmable lili ndi driver wopangidwa kuti aziwerenga kadulidweko n'kutsitsa kuwala.

Ndinayenda masitolo a hardware a m'tauni muno Loweruka lonse. Ambiri ndikati dimmable ankangonditulutsira babu wamba n'kuti, "Ili ndi lolimba bwana, la original." Wina anandionetsa lotchaja lija limayakabe magetsi akathima. Limenelo ndi labwino pa ntchito yake, koma pa dimmer musaliyandikize. Mnyamata wina wochangamuka anandinyengerera babu la smart, losintha mitundu pa foni. Nalonso ndinakana. Babu la smart lili kale ndi dimmer yake m'kati ndipo limafuna magetsi athunthu nthawi zonse. Munthu amasankha chimodzi: nzeru zikhale m'babu kapena zikhale pa khoma. Ine ndinasankha pa khoma chifukwa apongozi sangamafufuze foni usiku.

Babu lachiwiri ndinakalipeza ku Limbe, tsiku lomwe ndinapita pa zina. Ndinaonetsetsa kuti ndi la mapini, B22, poti maholda athu ndi amenewo, osati lopotokola la E27. Pa katoni analemba dimmable ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinafuna kugula asanu nthawi imodzi kuti ndisabwerenso, koma thumba linakana, ndinagula limodzi. Umphawi unandipulumutsa tsiku limenelo.

Linatsika ndithu, koma linkalira. Kaphokoso ka ng'iii ngati udzudzu uli kunja kwa neti, masana sungakamve, koma usiku kukakhala zii kamalowa m'mutu. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti kadulidwe kaja kali pawiri. Pali leading edge, yodula koyambirira kwa funde, ya ma dimmer akale opangira mababu otentha. Magetsi amalowa mwadzidzidzi ngati mbama, ndipo tizipangizo ta mu driver timanjenjemera. Pali trailing edge, yodula kumapeto kwa funde, imene mababu ambiri a LED amagwirizana nayo. Pa thupi la dimmer mukaona zilembo RL ndiye leading, RC ndiye trailing. Yanga imatha zonse ziwiri, ndipo nditalowa mu app ndinapeza ili pa leading. Nditasintha, udzudzu unachoka.

Usiku womwewo kunabwera china. Titazimitsa, mayi a mwana anandigwedeza. "Bambo ake, taonani kudenga." Babu linali lozimitsa koma likunyezimira pang'onopang'ono ngati chiphaniphani. Nkhani ya neutral ija ndi imeneyi. Dimmer ya WiFi siyenera kugona, imadikira lamulo usana ndi usiku, ndiye popanda neutral imakoka timagetsi tochepa kudzera m'babu momwemo. Babu lakale la mawati 60 silikanamva n'komwe, koma LED ya mawati 9 timagetsi timeneto timaikwanira kuti iyambe kuwala. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa bypass, kamene amamangirira kudenga pa holda, pakati pa waya wamoto ndi neutral, kuti timagetsito tizidutsa pambali. Kanali m'katoni momwemo ka dimmer, ine ndinkayesa n'kapadera. Mmisiri uja anabwera m'mawa, mphindi 10 ntchito yatha.

Komabe babu limeneli silinakhalitse kuchipinda. Chimene ndinkafuna ine ndi kuwala kwa pansi penipeni, koma ilo likafika pa 30 linkangodumpha kuchoka kowala ndithu kupita ku mdima. Komanso linali la 6500K, loyera mobiriwira ngati la mu ofesi (nambala ya K imanena mtundu wa kuwala: ikakwera kumayera, ikatsika kumafiira). Kuwala kotero ukakutsitsa sikukhala kofatsa, kumangokhala kotuwa, nkhope ya munthu kuoneka ngati wadwala malungo. Panopa lili kukhitchini pa switchi wamba, ndipo kumeneko likutumikira bwino.

Pogula babu lachitatu ndinapita nditalemba pa kapepala. Dimmable, B22, 2700K, malumeni 806. Mawati pa LED amangokuuzani mmene mayunitsi a ESCOM azithera, kuwala kwenikweni kuli pa malumeni: 470 ndi ngati babu lakale la mawati 40, 806 ngati la 60, 1521 ngati la 100. Kuchipinda 806 ndi wokwana, ndipo babu lowala kwambiri ngakhale ulitsitse pansi pake pamakhalabe powala. Ndinapeza la mtundu umene ukamatsitsa limafiira, kuchoka pa 2700K kupita cha ku 2200K, ndendende nyali ya apongozi ija. Philips amautcha WarmGlow, ena amalemba dim to warm. Ndinapempha mwini sitolo kuti andilembere pa lisiti kuti likakana ndibweza. Ananyinyirika, koma analemba.

Kuyesa kwake ndinachita usiku, osati masana. Ndinatsitsa pang'onopang'ono mpaka pamene linayamba kugwedera, panali pa 7. Kenako ndinalizimitsa n'kuyesa kuliyatsira pomwepo, linakana. Mababu ambiri amatero, amatsika kufika pansi koma kudzuka kuchokera pansipo amafuna kukankhidwa. Pa 10 linadzuka. Mu app muli pomangira malire a pansi, ndinaika 12 kuti pakhale mpata, chifukwa madzulo anthu akayatsa makuka magetsi amafooka, ndipo filiji ikamalira babu lokhala pamalire limaphethira. Ndinalijambulanso ndi kamera ya foni pa slow motion. Mizere yakuda ikamayenda kwambiri pa chithunzi ndiye kuti babulo likuphethira mobisika, maso saona koma mutu umadzapweteka. Ili mizere yake inali yosaoneka bwino n'komwe.

Zina ziwiri ndinaziphunzira magetsi atathima. Tili ndi ka inveta kotchipa ka modified sine wave, ndipo pa iko udzudzu uja unabwerera, babu labwino lomweli. Vuto si babu, funde la inveta yotero ndi la makona kale, dimmer imasowa poyambira kudula. Yofunika ndi ya pure sine wave, ya funde losalala, imene ndikusungira ndalama. Chachiwiri, magetsi atabwera cha m'ma 3 koloko usiku getsi linayaka lokha pa 100, mwana n'kulira mpaka tambala. Mu app muli posankha chimene dimmer ichite magetsi akabwerera. Ndinaika kuti izikhala yozima.

Pabalaza pali maholda 4 pa switchi imodzi, ndipo ndikadzaika dimmer kumeneko ndidzagula mababu onse a mtundu umodzi tsiku limodzi, chifukwa osakaniza amatsika mosiyana, lina lathima linzake likadali ngwee. Ndidzawerenganso nambala ya mawati a LED amene dimmer ingathe kunyamula, osati ya mababu akale, poti ya LED imakhala yocheperapo: mababu amenewa amakoka magetsi ambiri m'kamphindi koyatsa.

Ndinakonza kuti kuyambira 10 koloko usiku, aliyense akadina switchi getsi liziyaka pa 12. Apongozi atabweranso mwezi wa June, chiperoni chitaphimba phiri, anagona ndi mdzukulu wawo kuti mayi ake apumeko. M'mawa ndinawafunsa ngati ndiwaonetse za pa foni. Anati, "Ayi bambo, foniyo sungani. Ndapeza kale potsitsira chingwe."