Ku Zagori: makwerero a Vradeto ndi amayi amene ankatsala

Ngati mukufuna kukaona midzi ya ku Zagori, kumpoto chakumadzulo kwa Greece, musadalire basi. Kuchokera ku Athens kukafika ku Ioannina, mzinda waukulu wa kuderali, palibe vuto, basi zimanyamuka tsiku lililonse ndipo ulendo wake ndi wa maola asanu ndi kanthu. Mavuto amayambira pa Ioannina. Midzi ilipo 46, yomwazikana m'mapiri a Pindus, koma basi yopita kumeneko imaoneka mwa apo ndi apo, ndipo midzi ina siifikako n'komwe. Mubwereke galimoto, apo ayi mukonzekere kulira ndi mtengo wa takisi. Ine ndinalipira takisi mpaka pamudzi wa Kapesovo, kotsalako ndinadalira miyendo.

Kuchokera pa Kapesovo mumatsetserekera kaye m'chigwa, kenako n'kuyamba makwerero amiyala oposa 1,000 omwe amakhotakhota pakhoma la phompho mpaka kukafika ku Vradeto, mudzi wokwera kuposa yonse ya ku Zagori, pa mamita pafupifupi 1,340. Msewu wa galimoto unafika kumeneko m'zaka za m'ma 1970. Usanafike, mchere, ufa, mkwatibwi ngakhale wodwala, zonse zinkadutsa pamakwerero amenewa, pamsana pa munthu kapena pa bulu. Miyala yake anaiyala choimika, yothithikana, ndipo pakati pomwe mapazi amaponda inachita kusalala.

Mvula inandipeza ndili chapakati. Pobisala panalibe, kubwerera kunali kutali, ndiye ndinangolimba mtima. Ndinafika pamwamba zovala zili chonyowa, mano akugundana. M'mudzi munali zii. Nyumba zonse ndi zamiyala yotuwa, madenga nawonso amiyala yafulati yosanjikizana, koma mazenera ambiri anali otseka. Ndinaima pakhonde la tchalitchi kudikira kuti ikate. Ndi pomwepo pamene gogo wina wamkazi wovala zakuda anasuzumira pageti la nyumba yake n'kundikodola, kukodola kosafuna yankho.

M'khitchini munali mbaula ya nkhuni. Anandivula jekete ndi manja ake, n'kuliyanika pampando pafupi ndi moto, kenako anandipatsa tiyi wa zitsamba za m'phiri wothira uchi. Chingerezi sankachidziwa, koma mdzukulu wake wamkazi, yemwe amakhala ku Ioannina ndipo anabwera kudzamuona, ndiye ankatimasulira. Gogoyo anaika thireyi yaikulu mu uvuni kuti itenthe kaye, akukandira m'mbale ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka. Atathira phalalo muthireyi yamoto ija, linachita kuti tswee. Ananyenyera pamwamba tchizi cha feta ndi zala, n'kuponyapo timabenthu ta batala. Chakudyachi amachitcha alevropita. Chimatuluka chopyapyala, m'mbali mwake mokhukhuta, pakati pofewa. Ndinadya mpaka thukuta, iye akungondiwonjezera.

Pakhoma panali zithunzi za amuna okhaokha, ena ovala masuti. Nditafunsa, gogoyo anayamba kuwaloza mmodzimmodzi. Uyu ndi agogo ake, anakhala zaka zambiri ku Romania akuchita malonda. Uyu ndi mwamuna wake, anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Germany m'zaka za m'ma 1960, monga anachitira Agiriki ambiri nthawi imeneyo. Ndinati, nanga inu agogo munkatani? Anaseka, n'kuloza kumsana kwake. Nkhuni, madzi, udzu wa mbuzi, ana, makolo okalamba a mwamunayo, zonse zinali pa iye. Potsanzika ndinatulutsa ndalama, koma anandikankhira dzanja langa m'thumba momwe linachokera, nkhope itasintha.

Mbiri ya midzi imeneyi ndi ya anthu ochoka. Aturuki a ufumu wa Ottoman atalanda Ioannina mu 1430, midzi ya ku Zagori inapangana nawo kuti izipereka msonkho koma izidzilamulira yokha, ndipo ufulu umenewu unakhalapo mpaka 1868. Nthaka yake ndi yamiyala, yosabereka zambiri, choncho amuna ankapita kukasaka chuma ku Constantinople (Istanbul ya lero), ku Romania, ku Russia ndi ku Egypt. Amene alemera ankatumiza ndalama kwawo kuti amangire sukulu, tchalitchi, kasupe kapena mlatho. Mlatho wa Kokkoros, wa chipata chimodzi chachikulu pakati pa matanthwe awiri, unamangidwa mu 1750 ndi ndalama za Noutsos Kontodimos. Pafupi ndi mudzi wa Kipoi pali wina wa zipata zitatu, wa Plakidas, wa mu 1814. Ku Monodendri ndiko kwawo kwa abale awiri, Manthos ndi Georgios Rizaris, omwe analemerera ku Russia, ndipo chuma chawo chinatsegula sukulu ya zaubusa ku Athens mu 1844.

Ndikutsika tsiku lotsatira ndinakumbukira agogo anga aakazi. Amuna awo anapita ku Joni pa Theba, iwo n'kutsala akulima okha, kufolera nyumba okha, kuika maliro a ana okha. Mpaka lero pamudzi pathu anthu amakamba za njinga ndi wailesi zomwe agogo aamuna anabwera nazo. Ku Zagori nakonso dzina lomwe linatsalira pamlatho ndi la mwamuna wolipira. Amisiri amene anasema miyalayo, omwe ankayenda m'magulu kuchokera kumidzi ya kufupi ndi Konitsa monga Pyrsogianni, amatchulidwako pang'ono. Koma amayi amene anasunga midziyo kuti mlatho ukhale ndi wowolokapo, sindinaone paliponse pomwe analembedwa. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndikadakhala wolemba zikwangwani za alendo kumeneko ndikadayambira pa iwowo.

Kenako kunabwera nkhondo. Mu 1943 asilikali a Germany anatentha midzi ingapo ya kuderali, ndipo nkhondo yapachiweniweni ya 1946 mpaka 1949 inathamangitsa ena ambiri. Ambiri mwa ochoka pa nthawi imeneyi sanabwererenso. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika Zagori pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo nyumba zambiri zakale zasanduka malo ogona alendo. N'zokongola, sindikana. Koma ku Papingo ndi ku Monodendri chipinda chimatha kupitirira mayuro 100 usiku umodzi, pamene sukulu zomwe amalonda aja anamanga, m'midzi yambiri mulibenso ana. Ukalowa m'sitolo ina umapeza uchi wa m'mabotolo okongoletsa ndi timaginito ta pafiriji, koma buledi kapena sopo mulibe.

Mukafika ku Vradeto musabwerere musanayende kamtunda ka theka la ola kukafika pa Beloi, pomwe phompho la Vikos limaoneka lonse. Ndalama tapirani ku Ioannina chifukwa makina otapira ndalama m'midzimu ndi osowa, gulanitunso buledi ndi zipatso komweko. Nsapato zikhale zogwira pansi: miyala ija ikanyowa imaterera kwambiri potsika kusiyana ndi pokwera.